Dzina Lomwe Linabwera M'jekete ya Kaunjika

Ndikukumbukira chaka chomwe kagemu kanafika kwathu, chifukwa chinali chaka chomwe zinthu zatsopano zinkabwera mokankhana ngati anthu pakhomo la basi. Matipate anali atangoyamba kumene. Sukulu inali itasanduka yaulere, moti ife a sitandade folo anatithamangitsira pansi pa mtengo wa mango kuti m'kalasi mulowe anyamata a ndevu omwe anasiya nkhafi kudzayamba sitandade wani. Ku boma la Salima akazi anayamba kuyenda atavala mathalauzi masanasana, ndipo ife a kunyanja tikapitako tinkawatsatira ndi maso mpaka khosi kuwawa. Pamsika napo kaunjika anali mbwee, milu ya zovala kutalika kuposa ine.

Kwathu ndi m'mudzi wa asodzi, m'mphepete mwa nyanja komweko ku Salima. Bambo ankalowa m'nyanja ndi boti la eni ake. Amayi ankagula usipa padooko, kuwuyanika pathandala, n'kukagulitsa ku boma. Ana tinali awiri basi: mlongo wanga Lameki, amene anali wamkulu ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo, ndi ine Rute, wa zaka khumi kapena kupitirirapo pang'ono.

Nyengo yozizira itayandikira, amayi anabwera kuchokera kumsika ndi jekete ya bambo, yotuwa, yaikulu yoti asodzi awiri akanakwanamo. Tsono masiku amenewo anthu kwathu ankati zovala za kaunjika ndi za azungu akufa. Ankafunsa kuti munthu wamoyo angataye bwanji jekete yosang'ambika, zipi yake ikugwira bwinobwino? Ambiri ankangonena n'kuseka, kenako n'kuvala. Amayi sankaseka. Ankagula, inde, poti za m'sitolo sakanazikwanitsa, koma chovala chilichonse chinkayamba chachapidwa, kuyanikidwa pamchenga wotentha mpaka fungo lija la m'belo litatheratu, n'kupemphereredwa. Yochapayo inali ntchito yanga. Ndiye ndikuti ndiiviike jeketeyo, ndinamva chinthu cholimba chikundigunda pabondo. Thumba lam'kati linali lobooka, ndipo chinthucho chinali chitatsetserekera kunsi, pakati pa nsalu ziwiri. Ndinachikankha ndi zala mpaka chinatulukira pabowo pomwe chinalowera.

Kanali kapulasitiki kotuwa, kokula ngati sopo wochapira ataduka pakati, kumtunda kagalasi, kumunsi mabatani. Lameki anandilanda ndisanakaonetsetse n'komwe, n'kulengeza mosakayika kuti ndi telefoni ya apolisi. Amayi anafuna kuti akabweze kwa wogulitsa uja, koma bambo anakana. Anati, "Anaphiri, munagula jekete ndi zonse zam'katimo. Mukagula chambo n'kupeza mazira, mumakabweza mazirawo?" Mawa lake bambo omwewo anabwera ndi timabatire tiwiri tochokera kugolosale, nkhope ili gwa ngati sakudziwa chomwe agulira.

Lameki anayamba watiika chozondoka, n'kunena kuti telefoniyo ndi yakufa. Atatitembenuza, kanthu kaja kanaimba kanyimbo kosongoka ngati nkhululu, ndipo pagalasi panayamba kuyenda zilembo zakuda kuchokera kumanja. Anali mawu a moni m'Chingerezi, kutsogolo kwake TOBY. Lameki, wa sitandade sikisi, anawerenga mokweza kuti aliyense amve: "Akuti moni Tobi." Zilembozo zitadutsa, kumwamba kwa galasi kunayamba kugwa tinjerwa.

Inu amene munakula ndi mafoni simungamvetse. Tinjerwa takuda tinkagwa kamodzikamodzi, iwe n'kumatitembenuza ndi chala kuti tikwane mzere. Mzere ukakwana unkasowa, mtima n'kukhala m'malo. Ukachedwa, khoma linkakwera mpaka kudenga, kanyimbo kachisoni n'kulira, mnzako n'kukutsomphola. Basi, zinali zomwezo, koma ana onse a padooko anatha nzeru. Atsikana omwe sankandipatsa moni anayamba kundibweretsera malambe. Tinkaunjikana kuseri kwa boti lotembenuzidwa, mitu kugundana, wina akupumira m'khutu mwako fungo la chinangwa, wina akukuwa kuti tembenuza, tembenuza. Zilembo zikayamba kuzilala tinkachotsa mabatire, kuwaluma ndi mano, n'kuwayanika pathandala pakati pa usipa wa amayi kuti dzuwa liwapatse mphamvu. Kagemuko kankanunkha nsomba ngati ife tonse. Bambo nawo ankakatenga, ati kuona ngati sitinakaononge, ndipo ankaona masana onse, zala zawo zong'aluka ndi ukonde zikulimbana ndi mabatani.

Palibe amene ankati gemu. Tonse tinkati Tobi. Ndibwereke Tobi, Tobi watha mabatire, wabisa Tobi ndani. Amayi, amene sanapiteko kusukulu, ankangoyesa ndi dzina la chinthucho, monga mmene wailesi kapena njinga imakhalira ndi dzina lake.

Kenako ndinadwala malungo, aja okugwetsa masana dzuwa likuswa mtengo iwe ukunjenjemera m'bulangete. Ndikatseka maso, tinjerwa tinkagwa kuchokera kudenga la nyumba, tambirimbiri, ine n'kumayesa kutitembenuza ndi manja m'malere. Akuti ndinkabwebweta kuti, "Tobi dikira, ndikubwera." Amayi anali pambali panga ndi kansalu konyowa, ndipo anamva. Anadikira mpaka mapiritsi owawa a kuchipatala atagwira ntchito, ine nditayamba kupempha phala. Pamenepo ndiye anaitana Lameki.

"Kodi Tobi ameneyu ndi dzina la chinthuchi, kapena la munthu?"

Lameki akanakhala ndi nzeru akanati sakudziwa. Koma mwana ameneyo, kungomupatsa mpata woonetsa sukulu, ankaiwala zonse. Anafotokoza bwinobwino kuti Tobi ndi mwana wa mzungu, mwini wake wa kagemuko, ndipo kagemuko kamamupatsa moni nthawi iliyonse kakayatsidwa.

"Ndiye mwanayo ali kuti?" anafunsa amayi.

Lameki anakweza mapewa. Mapewa amenewo ndi omwe anatithera.

Kwa amayi nkhani inali yoonekeratu. Choseweretsa cha mwana ndi jekete ya bambo ake zinabwera limodzi m'belo, ndiye kuti pakhomo pamenepo panagwa zovuta. Anati, "Zovala ndimachapa, fungo limachoka. Nanga dzina ndichapa bwanji? Tsiku ndi tsiku mukudzutsa mwana wa eni ake, iye n'kumamva dzina lake. Pano wayamba kuitana wanga." Anakulunga kagemuko m'kansalu n'kuuza bambo kuti akakaponye pakati pa nyanja, pakuya penipeni. Ine ndinalira mpaka mutu kuyambiranso kuwawa. Bambo anatipepesera, ndipo ndikukhulupirira kuti ankadzipepeseranso okha. Mwayi wathu unali woti mwera, mphepo ija yochokera kummwera imene imakwiyitsa nyanja, unali utayamba, ndipo maboti onse anali pamtunda. Amayi anagonja pang'ono pokha. Anati dzinalo likachoka mwera usanaleke, kagemu kakhale. Likapanda kuchoka, boti loyamba kulowa m'nyanja lipita nako.

Mudzi wonse unkafuna mwera uleke. Asodzi ankangokhala pansi pa mitengo kusoka maukonde osang'ambika, mathandala ali mbee, ndiwo zili masamba okhaokha. Mchenga unkalowa paliponse, m'maso, m'mano, m'madzi akumwa. Lamulungu mkulu wa mpingo anapempherera kuti mphepo ikhale bata, anthu onse n'kuvomera mwamphamvu. Ine pakamwa ndinati ameni, koma mumtima ndinkapempha zosiyana, ndipo ndinawonjezera kuti ngati n'kotheka iwombe mpaka Khirisimasi.

Amayi ankatilola kuyesa kuchotsa dzinalo masana okha, pabwalo, iwo akuona, osasewera. Tinachotsa mabatire n'kukasiya kagemuko kopanda kanthu tsiku lonse, poganiza kuti kaiwala. Titabwezeramo, kanyimbo kanaimba, zilembo zinayenda: moni Tobi. Amayi anangogwedeza mutu, ati mwaonatu, moyo wake suli m'mabatire. Lameki anakwecha galasi ndi sopo ndi phulusa, n'kulisiya ndi mikwingwirima yomwe sinachokenso. Ine ndinamata kapepala pomwe pankadutsa dzinalo, amayi n'kunena kuti ndangomuphimba, iye ali momwemo. Abiti Saidi, mayi wachisilamu woyandikana nafe, amenenso anali mnzawo wa amayi pa malonda a usipa, anabwera kudzaona. Anakatembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti wallahi azungu amangotopa ndi zinthu n'kutaya, mwanayo ayenera kuti ali moyo, wanenepa, akudya buledi. Amayi anawafunsa ngati anamuona. Abiti anati ayi. Nkhani inathera pomwepo.

M'mawa wina ndinadzuka kuli zii. Masamba a mgwalangwa kuseri kwa nyumba, omwe ankachita phokoso masiku onsewo, anali atangoti ndwii. Padooko amuna anali atayamba kale kukankhira maboti kumadzi ndi kuthira parafini m'nyali. Aliyense ankaseka. Bambo ankatizemba ndi maso. Masana, amayi akutsuka madengu a usipa kuseri, ndinawapempha kuti tisewereko komaliza. Sanayankhe, ndipo kwa amayi kusayankha kunali kulola.

Tinakhala pakhonde awiriwiri, osalimbirana kwa nthawi yoyamba. Koma ngakhale masewera omalizawo anakanika, chifukwa batani lotembenuzira tinjerwa linali litauma ndi mchenga wa mwera. Lameki anatola mbedza yakale, n'kuiwongola ndi mwala, n'kuyamba kutokosa mchenga m'mbali mwa mabatani. Atatha anakatembenuza kagemuko n'kumapitiriza kutokosa paliponse pomwe panali mpata, osati chifukwa pankafunika, koma chifukwa manja ankasowa chochita ndi chisoni. Kumbuyoko kunali kabowo kakang'ono ngati diso la singano, komwe tonse tinali tisanakalabadirepo. Analowetsamo mbedza ija. Kanthu kena kanati thi m'katimo.

Galasi lonse linada bii, kenako linayera. Ndinam'menya Lameki chibakera kumsana, ndikulira kuti wapha Tobi nthawi yake isanakwane. Ndiye pakona panatulukira kamzere kakang'ono, kakuphethira. Kanyimbo kunalibe, moni kunalibe, Tobi kunalibe. Lameki anadina batani limodzi, panabwera A. Anadinanso, panabwera B. Anadina lina, kamzere kanasunthira kutsogolo. Tinayang'anana. Kagemu kanali kataiwala mwini wake, ndipo kankafunsa dzina latsopano.

Mtendere wathu unathera pomwepo. Ine ndinati lilembedwe langa chifukwa ndine ndinakatola. Lameki anati lake chifukwa ndi wamkulu, komanso mbedza inali yake. Iye akaika L ine ndinkalanda n'kuthamangira ku R, tikukokana, tikutukwanizana za mphuno ndi za mapazi. Phokosolo linabweretsa amayi, manja akudontha madzi.

"Dzina lija lachoka, amayi," anatero Lameki. "Pano kakufuna lina."

Amayi anayang'ana kamzere kophethirako nthawi yaitali. Kenako anati tikasiye choncho, kopanda dzina. Tinayesa, koma kanakana. Popanda chilembo tinjerwa sitinkabwera, kamzere kankangophethira ngati munthu wodikira yankho pakhomo. Lameki, pofuna kupulumutsa zinthu, anati tingolemba kuti usipa. Amayi anapukusa mutu.

"Chinthu chosunga dzina la munthu popanda mabatire simungachinamize ndi nsomba. Chikaona kuti mwachipusitsa, chidzasankha chokha."

"Ndiye tilembe langa," ndinatero ine, wopanda nzeru, ndikuganiza kuti ndapeza mpata.

"La mwana wanga sililowa mmenemo." Anapukuta manja pachitenje, n'kukhala pansi pakhonde pafupi nafe. "Lemba langa."

Lameki analemba AMAYI n'kuwawerengera. Iwo anakana. Anati amayi ndi ambiri, ngakhale Rute adzakhala amayi tsiku lina. Lameki anafunsa ngati alembe Anaphiri. Anakananso, ati Anaphiri adzaza mudzi uno, asapalamulire eni ake osalakwa. "Lemba lenilenilo," anatero.

Apa m'pamene ine ndi mlongo wanga tinasowa poyang'ana. Sitinkalidziwa. Bambo ankawaitana Anaphiri. Anzawo padooko ankati amake Lameki. Kutchalitchi ankawatchula ndi dzina la bambo. Ife tinkati amayi, ndipo sizinatibwererepo m'mutu kuti munthu ameneyu anali ndi dzina lakelake lomwe ankaitanidwa nalo tisanabadwe. Amayi anaona kuti takakamira. Anayang'ana kumanzere, kumanja, ngati pali wina angamve, n'kutsitsa mawu.

"Enelesi."

Ndinatsala pang'ono kuseka, chifukwa linali dzina la kamtsikana, loyenera munthu wosewera phada, wothamanga ndi chidebe kunyanja, osati mayi wokalipa amene mudzi wonse unkamudziwa pa kutsutsa mtengo wa usipa. Koma nkhope yawo sinali yoti useke. Lameki analemba pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo, lilime lili panja. Atatha amayi anati azimitse n'kuyatsanso, aone ngati chamva. Kanyimbo ka nkhululu kanaimba. Zilembo zinayamba kuyenda kuchokera kumanja.

"Akuti chiyani?"

Lameki anayang'ana pansi. Mwana kutchula dzina la mayi ake, pamaso pawo, kunali ngati kutukwana. "Akuti moni kwa inuyo."

"Werenga mmene alembera."

Anawerenga monong'ona, moti amene tinamva ndi ine ndi iwo basi: "Moni Enelesi."

Amayi anakalandira kagemuko ndi manja awiri, monga mmene ankalandirira chinthu kwa munthu wamkulu, n'kukayandikitsa kunkhope. "Eya, ndine," anatero. "Ukafuna munthu ubwere kwa ine. Anawa uwasiye." Anakaika m'manja mwanga, n'kudzuka, n'kubwerera kumadengu awo.

Bambo atabwera kudzatenga katundu wokaponya uja, jekete ili paphewa, tinawauza kuti zatheka. Anayatsa kuti adzionere okha. Iwo ankawerenga pang'ono, mochedwa, milomo ikuyenda. Atafika kumapeto anamwetulira kumwetulira kwina komwe ndinali ndisanakuonepo, anayang'ana kuseri komwe kunkamveka madzi ndi madengu, n'kutsetsereka kudooko.

Tinasewera kagemu kaja mpaka kanadzafa kokha ndi chinyezi cha dzinja lina. Dzina latsopanolo palibe anayerekeza kukaitana nalo, kanangosanduka gemu basi. Tikamayatsa pakati pa anzathu, Lameki ankaphimba galasi ndi chala chachikulu mpaka zilembo zitadutsa, ndipo amene ankafuna kusuzumira ankalandira chigongono.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaikamba ngati nthabwala. Kusekondale, kuntchito m'tauni, ndinkasekesa nayo anthu: mayi anga ankaopa mzukwa wa m'kagemu. Nditabereka mwana wanga woyamba ndinapita kumudzi kukamuonetsa, ndipo Abiti Saidi, atakalamba, mano atatha, anabwera kudzamuona. Ndinaiyambanso nthabwala yanga, amayi ali pomwepo. Abiti sanaseke. Anandiuza kuti tsiku lomwe lija, madengu asanaume, amayi anapita kwa Abitiwo kukawapempha kuti iwo akamwalira, Abiti adzandiyang'anire mpaka ndikule, ndipo asadzalole kuti wina anditulutse sukulu. Anatinso kwa nthawi yaitali m'mawa uliwonse amayi ankasuzumira pampanda n'kunena kuti, "Abiti, ndadzukanso." Amayi anawadula pakamwa, ati mwakalamba inu, mwayamba kubwebweta, n'kunyamula khanda langa kupita nalo panja.

Lero ana anga amasintha zithunzi za pamafoni awo sabata iliyonse, lero woimba, mawa wampira, ndipo palibe amene amaganizapo kawiri. Dzina langa amalidziwa, amalitchula akafuna kundiseka, ine n'kuwaopseza ndi chipande osawamenya. Kaunjika tonse timavala popanda pemphero. Ndinadzamvanso kuti m'tinthu totere mumakhala kabatire kena kakang'ono kobisika, kosunga zolembedwa, ndipo ndikuganiza kuti Abiti ankanena zoona: Tobi ali kwinakwake, wameta dazi, sakumbukira n'komwe zomwe anasiya m'jekete ya bambo ake.

Zonsezi ine ndikuzidziwa. Amayi sankazidziwa, ndipo anapita kumanda osazikhulupirira. Ndimawasowa kwambiri. Iwo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mwini dzina lolembedwa mmenemo adzatengedwa, ndipo akanatha kungouza bambo kuti pitani nako, nkhani n'kutha. Koma anaona nkhope zathu, anapukuta manja, anakhala pansi, n'kupereka lawo kuti ife tisewere tinjerwa.